MTENGO UMENE ANKAUTENTHA NGATI ZINYALALA



Komiti idandipempha kuti chaka chino ndilankhulepo za mitengo, popeza ndiyo ntchito imene boma lidandilemba. Ine ndasankha mtengo umodzi wokha. Mtengowu sumera kwathu kuno, koma mankhwala ake adafika m'zipatala zathu. Ndausankha chifukwa pakati pathu palibe amene sadakhaleko pa maliro a munthu wotengedwa ndi khansa, ndipo ambiri a ife tikapita kumudzi abale amatifunsa ngati wodwala apite ku chipatala kapena ayambe wamwa zitsamba. Amatifunsa ifeyo poti amati ndife ophunzira. Mbiri ya mtengo umenewu ingatithandize kuyankha bwino.

Nonse mukuidziwa mitengo ya paini ya ku Chikangawa, ku Zomba ndi ku Dedza, ndiponso mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Mitengo imeneyi ndi ya fuko limodzi. Sichita maluwa, masamba ake ndi onga singano kapena timamba, ndipo njere zake zimabisala m'tizipatso touma ta mamba-mamba, tija timagwa pansi pa paini. M'fuko lomweli muli mtengo wina umene Angerezi amautcha yew, umene umapezeka ku Ulaya, ku Asia ndi ku America. Uwu njere yake imakutidwa ndi kachipatso kofiira kokongola, koma paja chikome-kome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Njereyo pamodzi ndi masamba zili ndi poizoni woimitsa mtima, ndipo zimapha munthu, ng'ombe ngakhalenso hatchi.

Mtundu umodzi wa yew umamera m'nkhalango za kumpoto chakumadzulo kwa America. Ndi mtengo waufupi, wokula pang'ono-pang'ono m'mthunzi wa mitengo italiitali. Makampani ocheka matabwa sankauwerengera konse. Akatha kudula mitengo yamatabwa, uwu ankauunjika pamodzi ndi zinyalala n'kuutentha.

M'chaka cha 1960 bungwe la boma la America lofufuza za khansa, lotchedwa National Cancer Institute, lidayamba ntchito yoyesa zomera zikwi-zikwi kuti lione ngati zina zingaphe khansa. Mu Ogasiti 1962 katswiri wa zomera dzina lake Arthur Barclay adasenda makungwa a yew m'nkhalango ina ya m'dera la Washington n'kuwatumiza pamodzi ndi zomera zina. Makungwawo adafika m'manja mwa akatswiri awiri, Monroe Wall ndi Mansukh Wani, ku North Carolina. Iwo adaona kuti muli kanthu kamphamvu, koma kukalekanitsa ndi zinthu zina zonse za m'khungwa idali ntchito ya kalavula gaga. Pa makilogalamu 12 a makungwa adapezamo theka la galamu basi. Adakatcha taxol, ndipo mu 1971 adalengeza mmene kadapangikira. Dzina limene madotolo amalemba masiku ano ndi paclitaxel.

Kwa zaka zingapo mankhwalawa adangokhala, chifukwa adali ovuta kupeza, ovuta kusungunula m'madzi, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito kadali kasanadziwike. Amene adamasula mfundoyi ndi mayi wina, Susan Horwitz, wa ku Albert Einstein College of Medicine ku New York, mu 1979. Mundilole ndifotokoze monga tinkachitira m'kalasi ya sayansi. Thupi lathu lidamangidwa ndi tizidutswa ting'ono-ting'ono totchedwa maselo, ndipo selo limaswana podzigawa pawiri. Khansa ndi maselo amene aiwala kuleka kuswana. Selo likafuna kugawikana limaluka tizingwe m'kati mwake tokokera katundu wake mbali ziwiri, kenaka limamasula tizingweto. Mankhwala ena a khansa amaletsa kuluka. Awa a mu yew amaletsa kumasula. Tizingwe timauma gwa, selo limakanika kugawikana, mapeto ake limafa. Njira imeneyi idali yachilendo kwa akatswiri onse.

Kuyesa pa anthu kudayamba mu 1984. Mu 1989 madotolo a ku Johns Hopkins adalengeza kuti mwa amayi odwala khansa ya m'thumba la mazira, amene mankhwala ena adali atawakanika, pafupi-fupi atatu mwa khumi aliwonse zotupa zawo zidachepa. Mu Disembala 1992 boma la America lidaloleza mankhwalawa pa khansa imeneyi, ndipo mu 1994 pa khansa ya m'mawere. Tawerengani zakazo, anzanga. Kuchokera tsiku losenda khungwa kufika tsiku lololeza mankhwala padapita zaka 30. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono padabuka vuto lina. Mtengo ukausenda makungwa umafa, ndipo wodwala mmodzi ankafuna makungwa a mitengo ingapo, iliyonse yoti yatenga zaka pafupi-fupi 100 kuti ikule. Mtengo umene dzulo unkatenthedwa udasanduka chuma, anthu mpaka adayamba kuba makungwa m'nkhalango za boma. Odwala ankati moyo wa munthu uposa mtengo, osamala nkhalango ankati mitengo ikatha mankhwalanso atha. Onse ankanena zoona. Chidawombola mbali zonse ziwiri ndi sayansi yomweyo. Ku France, Pierre Potier ndi anzake adapeza kuti m'masamba a yew wa ku Ulaya muli chinthu chofanana nacho, choti akhoza kuchimalizitsa mu labotale. Masamba ukathothola amaphukanso. Pa ntchito yomweyo adatulukiranso mankhwala achiwiri otchedwa docetaxel. Pambuyo pake kampani ina ku Germany idayamba kulera maselo a mtengowu m'mathanki akulu-akulu, kotero kuti mankhwala amapezeka popanda kukhudza nkhalango. Komabe kumene kudalibe chitetezo zinthu zidaipa: yew wa m'mapiri a Himalaya adadulidwa kwambiri mpaka adalembedwa m'gulu la mitengo imene ili pangozi yakutha.

Mwina wina akufunsa kuti nkhani ya ku America ikutikhudza bwanji ife. Mukukumbukira khansa ya pakhungu ija, ya zigamba zakuda ndi kutupa miyendo, imene idatenga abale athu ambiri pamene Edzi idafika pachimake. Madotolo amaitcha Kaposi sarcoma, ndipo ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri m'Malawi muno. Mu 1997 America idaloleza paclitaxel pa khansa imeneyi. Mu 2020 padatuluka zotsatira za kafukufuku amene adachitika ku Malawi, Kenya, Uganda, Zimbabwe, South Africa ndi Brazil pa odwala amene ankalandiranso ma ARV. Patatha masabata 48, mwa odwala 100 aliwonse amene adalandira paclitaxel, 64 matenda awo adali asadapitirire, pamene kwa olandira mankhwala awiri akale aja, bleomycin ndi vincristine, adali 44. Choncho Amalawi anzathu amene adalola kulowa m'kafukufukuyu adathandiza dziko lonse kudziwa mankhwala oyenera. Paclitaxel alinso pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe la World Health Organization.

Bambo Wapampando, apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Wina akhoza kutuluka m'holo muno n'kumakauza anthu kuti ngakhale azungu avomera kuti makungwa amachiza khansa. Chonde tisakatero. Munthu wophika masamba a yew n'kumwa amafa ndi poizoni, khansa yake ili chikhalire. Mankhwala amene ali m'khungwa ndi ochepetsetsa, ndipo amaperekedwa ku chipatala kudzera m'diripi, pa muyeso wowerengedwa molingana ndi msinkhu ndi kulemera kwa wodwala. Ngakhale atayeretsedwa chotero amathothola tsitsi, amachititsa dzanzi m'manja ndi m'mapazi, ndiponso amachepetsa asilikali a m'magazi, n'chifukwa chake dotolo amayeza magazi asanapereke. Sachiza khansa iliyonse, ndipo amathandiza kwambiri wodwala akafika msanga. Makungwa a paini kapena a mkungudza si mankhwala a khansa. Safunsa adadya phula.

Sindikunyoza nzeru za makolo athu pa zitsamba. Mankhwala ambiri a ku chipatala adachokera ku zomera. Chimene chidasandutsa yew kukhala mankhwala ndi kuyesa, kuyeza ndi kulemba zotsatira poyera kuti ena atsutse ngati angathe. Wogulitsa botolo pa msika amene akuti likuchiza khansa, shuga ndi kusabereka nthawi imodzi sadayese chilichonse mwa izi. Miyezi imene mbale wathu akumwa botololo ndi miyezi imene chotupa chikukula. Tikaona chotupa m'bere, chigamba chachilendo pakhungu, kapena mayi akutaya magazi mosayembekezeka, timuperekeze ku chipatala sabata yomweyo. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli madotolo a khansa. Ngati vuto ndi ndalama yoyendera, pamenepo ndi pamene thumba la bungwe lathu liyenera kuoneka ntchito yake.

Mawu anga otsiriza ndi a ntchito yanga. Akadamaliza kutentha yew chisanafike chaka cha 1962, palibe akadadziwa chimene chatayika. Mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi, koma kalembera wa mu 2017 adapeza mitengo yokhwima 7 yokha pa phiri lonselo. Mtengo ukatha, umapita ndi zonse zimene zidali m'kati mwake, zodziwika ndi zosadziwika zomwe. Pempho langa ku komiti ndi lakuti tithandize sukulu yathu ndi zipangizo za mu labotale ndiponso nazale ya mitengo yachilengedwe, kuti ana amene akukhala pa madesiki tidasiya aja aphunzire kuyesa chinthu asanachikhulupirire, ndi kusunga mtengo asanadziwe mtengo wake.