Mau kwa Alimi a ku Chongwe: Kusunga Mseu Mvula Isanagwe

Mdani wamkuru wa mseu ndiye madzi. Akaima pamseu afewetsa dothi, ndipo magudumu a malole akumba maenje. Cifukwa cace anthu a ku Kanakantapa ndi Chalimbana atsegule ngalande za m'mbali mwa miseu yao m'mwezi wa October, mvula isanayambe. Pakati pa mseu pakhale potumphuka, kuti madzi atsikire m'ngalandezo. Kadzenje kakaoneka, athiremo timiyala tosakaniza ndi dothi lonyowa, nasinje kolimba. Udzu ndi nthambi zingoola cabe. Zileyi zisakokedwe pamseu, ndipo mlimi asalime kufikira m'ngalande. Mseu wotulukira ku Great East Road ukafa, fetereza safika pamudzi, ndiponso cimanga copita ku Lusaka cisowa cotengera. Mafumu akumbutse anthu ao.