Mwana Amene Ndidamusiya Kunja kwa Bwalo



Mlembi wathu atamva kuti ndikubwera kutchuthi, adandilembera kuti ndidzafotokozeko za moyo wa ku England. Ndidamuyankha kuti za kuzizira ndi za kudula kwa nyumba mudazimva kale kwa ena. Ine ndikamba za Lamulungu m'mawa. Kwa zaka zoposa khumi tsopano, kuyambira Sepitembala mpaka Epulo, Lamulungu lililonse m'mawa ndimakhala ndili m'matope, wezulo pakamwa, kuphunzitsa ana mpira wa rugby pa kalabu ina ya m'tauni imene ndimakhala. Palibe amene amandilipira. Abusa amene muli pano mundikhululukire, kutchalitchi ndimapita madzulo.

Ndikuona ena akuseka kumbuyo uko, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Amene tidali kalasi imodzi akukumbukira kuti ine pasukulu pano sindidalowepo m'timu ina iliyonse. Ntchito yanga pa tsiku la mpira idali yonyamula ndowa ya madzi ndi paketi ya gulukosi. Ndowa imeneyi muisunge m'mutu, tibwererako.

Ndidalowa ntchitoyi mosadziwa. Mu 2014 mwana wanga ali ndi zaka 6, mnzake wa kusukulu adamukopa kuti azikasewera. Ndidamuperekeza, n'kuima chapatali manja ali m'thumba, mano akugundana. Mkulu wina adandipatsa thumba la mipira kuti ndimugwirireko. Sabata yotsatira adandipatsa ana anayi kuti ndiziwayang'anira. Umu ndi mmene ambiri amakodwera, chifukwa makalabu ang'onoang'ono kumeneko amayenda ndi makolo. Wina amalemba mayina, wina amajambula mizere pabwalo, wina amakazinga masoseji oti ana adye akamaliza. Koma asadakusiyire ana, ofesi ya boma yotchedwa Disclosure and Barring Service imayamba yafufuza ngati udapalamulapo mlandu, ndipo umachita maphunziro a kasamalidwe ka ana ndi a chithandizo choyamba.

Kwa amene simudaonepo masewerowa, mpira wake ndi wooneka ngati dzira. Umaunyamula m'manja n'kuthamanga nawo kutsogolo, koma popatsira mnzako suloledwa kuponyera kutsogolo, koma kumbali kapena kumbuyo basi. Kugoletsa ndi kukaukhazika pansi kuseri kwa mzere wa adani. Dzinali lidachokera ku sukulu ya Rugby, m'chigawo cha Warwickshire, kumene amati mu 1823 mnyamata wina, William Webb Ellis, adatola mpira n'kuyamba kuthamanga nawo. Odziwa mbiri amaikayikira nthanoyi, komabe chikho cha dziko lonse chimadziwika ndi dzina lake.

Pa wailesi yakanema mumaona zimphona zikuwombana, koma ana sayambira pamenepo. Bungwe la Rugby Football Union, limene lakhala likuyendetsa masewerowa ku England kuyambira 1871, lidakonza makwerero. Ana osakwana zaka 7 amasewera anayi mbali iliyonse, ndipo palibe kugwetsana. Aliyense amamanga lamba wokhala ndi timaliboni tiwiri m'chiuno. Ukasolola kaliboni ka mnzako, iye ayenera kupatsira mpira msanga. Chaka chotsatira amakhala asanu ndi mmodzi. Akafika gulu la osakwana zaka 9 ndi pamene amayamba kugwetsana, ali asanu ndi awiri mbali iliyonse. Timu yathunthu ya anthu 15 imayamba pa gulu la osakwana zaka 14. Atsikana ndi anyamata amasewera limodzi mpaka gulu la osakwana zaka 11, kenaka amapatukana.

Kuphunzitsa mwana kugwetsa mnzake mosavulazana ndiyo ntchito yofuna kudekha. Timayamba onse atagwada. Phewa ligunde m'ntchafu, manja akumbatire miyendo, mutu ukhale kumbali, osati kutsogolo kwa mawondo. Kuyambira 2023, m'makalabu ngati yathu suloledwa kugwira mnzako pachifuwa kapena pamwamba pake. Mwana akagunda mutu n'kuoneka wozunguzika, amatuluka pomwepo, ndipo sasewera ndi timu ina mpaka patatha masiku 21, kaya bambo ake akwiye chotani. Zonsezi ndidaziphunzira bwino, ndipo satifiketi ndili nazo. Chimene ndidalakwa sichidali m'maphunziro amenewa.

Mu Malichi 2018 ndidali ndi gulu la osakwana zaka 10. Tidaitanidwa ku kalabu ina kumene matimu angapo amakumana n'kusewera masewero aafupiafupi m'mawa umodzi. Ndidatenga ana 12, ndipo pabwalo pamalowa asanu ndi atatu. Mwa anawo mudali kamnyamata kena kochepa thupi. Kunena zoona, mpira sunkamuyendera. Ukamuponyera unkamupulumuka, akaugwira ankathamangira kumbali, ndipo akaona wina wamkulu akubwera ankatseka maso. Koma sadajombepo ngakhale tsiku limodzi. Ankafika woyamba, ndipo tikamaliza ndiye ankatolera zipangizo. Mayi ake ankagwira ntchito ya usiku ku nyumba yosamalirako okalamba. Galimoto adalibe, ankakwera mabasi awiri kuti amufikitse ku kalabu. Tsiku limenelo adachokera kuntchito osagona, n'kupempha malo m'galimoto ya kholo lina.

Masewero oyamba tidapambana. Ndidati mumtima, mwana uyu alowa achiwiri. Achiwiri adali ovuta pang'ono, ndidati alowa achitatu. Anzake atatu amene adali panja ndinkawasinthasintha, koma iye ayi. Titapambananso achitatu, mtima udayamba kundiuza kuti lero tikhoza kusesa onse. Omaliza tidakumana ndi timu imene idatigonjetsa kawiri chaka chimenecho. Makolo kumbuyo kwanga akukuwa, ine thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Mwana uja adaima pambali panga m'mawa wonse. Pofuna kuti asamangokhala, ndidamupatsa kabokosi ka mabotolo a madzi kuti azithamangira nako kwa anzake pa nthawi yopuma.

Tidapambana onse anayi. Ndikuuzeni, anzanga, kuti padalibe ngakhale chikho. Mwana aliyense wa timu iliyonse adalandira mendulo yofanana, wopambana ndi wogonja yemwe.

Pamene tinkalongedza, mayi aja adabwera. Sadakalipe. Bwenzi zili bwino akadakalipa. Adayang'ana ana enawo ali matope okhaokha mpaka m'makutu, n'kuyang'ana wawo, ndipo adati, "Zikomo bambo, lero mwandipeputsira ntchito. Jezi iyi sindikachapa." Mwanayo adandipatsa kabokosi kaja mwaulemu, n'kutsatira mayi ake.

Tili m'galimoto mwana wanga adandifunsa kuti, "Adadi, bwanji mnzanga uja sadasewere?" Ndidati adzasewera sabata yamawa. Sabata yamawayo sadabwere. Inzakeyo sadabwerenso. Ndidaimba foni, mayi ake adati mwanayo akuti rugby sakuifunanso, ndipo iwo sangamukakamize. Ndidapepesa. Ana onse adasaina kakhadi, ndidakapereka ndekha pakhomo pawo. Sadabwerere.

Tsopano tibwerere ku ndowa ija. Pasukulu pano aphunzitsi a zamasewero ankasankha anyamata 11 a mpira wa miyendo ndi atsikana asanu ndi awiri a mpira wa manja. Enafe, mazanamazana, ntchito yathu idali yoimba kunja kwa mzere. Sindikuwadzudzula. Mpira udali umodzi wosokedwasokedwa, mphunzitsi mmodzi, bwalo limodzi. Koma ndikukumbukira mmene ndowa ija inkalemerera, osati m'manja mokha ayi. Zaka zinayi ndinkayembekeza kuti tsiku lina wina adzandiitana kuti ndilowe ngakhale mphindi zisanu. Ndiye taganizani, munthu yemweyo atakula, ali ndi mipira makumi awiri m'thumba, mabwalo atatu a udzu wobiriwira, akutenga mwana wa mnzake n'kumusenzetsa madzi. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wanga adasewera masewero onse anayi tsiku limenelo.

Ndakhala ndikudzifunsa chimene chidandigwira. Ana aja pofika Lolemba adali ataiwala kale zigoli. Njala yopambana idali yanga ndi ya abambo anzanga oima kumbuyo aja. Palinso loto lina limene kochi aliyense wa ana amalota, loti mwa tiana take mudzatuluka katswiri. Tonse timaidziwa nkhani ya Siya Kolisi, amene adakulira mu umphawi ku Zwide, ku South Africa, n'kuyambira pa kalabu ya komweko ya African Bombers. Ali ndi zaka 12 adamuona pa mpikisano wa ana ku Mossel Bay, adampatsa malo aulere ku sukulu ya Grey, ndipo mu 2018 adakhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa kukhala kaputeni wa Springboks. Adanyamula chikho cha dziko lonse mu 2019 ndi mu 2023. Tsiku limene adagonjetsa England 32 kwa 12 mu 2019, ndidaonera m'nyumba ya kalabu yathu pakati pa Angerezi okhaokha, ndipo chimwemwe changa ndidachita kuchimezera pamodzi ndi tiyi.

Nkhani imeneyi ndi yokoma, koma imatisokoneza ife makochi. Timayamba kuyang'ana ana a zaka 9 ngati ogula ng'ombe pamsika. Chonsecho pa msinkhu umenewo palibe amene angadziwe. Ku England magulu amawagawa motsata chaka cha sukulu, chimene chimayamba pa 1 Sepitembala. Choncho mwana wobadwa mu Sepitembala ndi wobadwa mu Ogasiti wotsatira amakhala timu imodzi, kusiyana pafupifupi chaka chathunthu. Pa zaka 9, chaka chimodzi ndi mtunda wautali. Zambiri zimene timazitcha luso pa msinkhu umenewo ndi miyezi chabe. Nditabwerera kunyumba tsiku lina ndidatsegula mafomu a ana anga. Atatu amene ndinkawadalira kwambiri adabadwa pakati pa Sepitembala ndi Novembala. Kamnyamata kaja kadabadwa mu Ogasiti.

Chaka chotsatira ndidagula kabuku. Masewero asadayambe ndimalemba kale kuti uyu alowa mphindi yakuti, uyu atuluka mphindi yakuti, ndipo ndimatsata wotchi, osati zigoli. Ndidaitana makolo onse n'kuwauza poyera. Tidayamba kugonja kawirikawiri. Bambo wina adandiuza pamaso kuti ndikuphunzitsa ana kukonda kugonja, ndipo adasamutsira mwana wake ku kalabu ina. Mwanayo adali wothamanga kuposa onse, ndipo sindinama, zidandiwawa. Mu 2019 bungwe lija lidakhazikitsa lamulo loti mwana aliyense amene wasankhidwa kupita kumasewero asewere theka la nthawi yonse kapena kuposerapo. Ndidakondwa, komanso ndidachita manyazi kuti chinthu chotere mpaka chichite kulembedwa m'malamulo chifukwa cha anthu onga ine.

Lamulo lokha silikwanira. Ndaonapo makochi ochenjera amene amalowetsa mwana wofooka n'kukamuimika kumapeto kwenikweni kwa mzere, kumene mpira sufika. Theka lake wasewera, koma jezi ili mbee. Ife pophunzira timachita masewero ena oti chigoli sichiwerengedwa pokhapokha aliyense wa m'timu ataugwirako mpira. Poyamba akatswiri aja amanyinyirika. Pakapita masabata angapo amayamba okha kuitana mnzawo wamantha uja ndi dzina, chifukwa akumufuna. Mtsikana wina amene chaka chake choyamba ankalira akagwa, pofika chaka chachitatu ndiye ankagwetsa anyamata onse, ndipo adapitiriza ku timu ya atsikana.

Ndamva mu lipoti la msungichuma kuti chaka chino tikufuna kugulira timu ya sukulu yunifolomu yatsopano. Ndikugwirizana nazo, ndipo yanga ndaponya kale. Ndingopempha komiti kuti pokapereka ikafunse funso limodzi: mwa ophunzira onse a pano, ndi angati amene amaugwirako mpira wa mtundu uliwonse pa sabata? Masewero a timaliboni aja safuna zambiri. Nsanza za chitenje zosomeka m'kabudula zikwana, mpira umodzi, malo osalala, ndi munthu wamkulu mmodzi wololera kutaya masana a Loweruka. Ena mwa inu mumakhala pafupi pomwe pano. Mipira inayi ndabwera nayo, ili m'galimoto panjapo.

Mu Disembala wapitayu ndidalowa m'sitolo ina ya m'tauni mwathu kukagula zinthu za Khirisimasi. Wolandira ndalama adali mnyamata wamtali, woti ine pomuyang'ana ndidachita kukweza mutu. Msinkhu umenewo ndi umene makochi amausakasaka dziko lonse, wa anthu odumphira mpira m'mwamba. Adandiyang'ana n'kumwetulira, n'kunditchula kuti kochi. Ndidamuzindikira ndi maso. Tsopano ali ndi zaka 17. Ndidamufunsa ngati amasewera kwina kulikonse. Adati ayi, adasiya kalekale, ndipo adaonjeza kuti, "Paja mukukumbukira, ine sindinkatha." Ndidamuuza kuti si choncho, wolakwa ndidali ine, ndiponso kuti kalabu ili ndi timu ya osakwana zaka 18 imene imaphunzira Lachiwiri madzulo. Ndidalemba nthawi yake kuseri kwa lisiti. Adalipinda bwinobwino n'kuika m'thumba la malaya, koma kumbuyo kwanga kudali mzere wa anthu, choncho ndidanyamula katundu wanga n'kutuluka. Pamene ndinkanyamuka kubwera kuno adali asadafike.