Njinga nazo zipatsidwe njira yake: mawu kwa ogulitsa m'misika ya Lusaka

Zikomo kuti mwasiya matebulo anu pang'ono. Sindizatenga nthawi, ndidziwa makasitomala sayembekeza.

Funso langa ndi ili: malasha, rape na matimati amene mugulitsa amafika bwanji pano? Ena pa kanta, zoona. Koma ambiri amabwera pa njinga usiku ukalibe kucha, munthu atamanga masaka kumbuyo mpaka sakuoneka, kuchokera ku Chongwe mu Great East, kapena mu Mumbwa Road. Munthu uja ayenda pati? Pamphepete, pakati pa minibasi na ngalande yosatseka. Minibasi ikaona pasenja, imakhota chabe osayang'ana. Akagwa munthu uja, banja lake lalira, ndipo inu tsiku lija mulibe katundu.

Mukumbukira Lusaka Decongestion Project, imene inatipatsa ma flyover ku Makeni, Arcades na Munali. Ma flyover ni abwino, sindikana. Koma anamangidwa poganizira mwini motoka. Wa njinga, wa wilibala, mayi wosenza beseni pamutu, onse aja akali kulimbirana kamzere kamodzi ka fumbi. Chodabwitsa nchakuti mu 2019 boma linatulutsa Non-Motorised Transport Strategy, pepala lokamba za oyenda pansi na apanjinga. Pepala lilipo. Manje yendani mu Lumumba, mundiuze ngati mwaiona njira.

Tikati njira ya njinga, sitikamba za penti. Penti ku Lusaka tiidziwa: lero ajambula, mawa yasanduka siteshoni ya minibasi. Tifuna njira yotchingidwa na konkiriti yokwera, yakuti tayala la motoka silingakwerepo, yotakata kuti njinga ya masaka ipite bwino, ngalande zovundikira, na magetsi, chifukwa anthu athu amayenda mumdima. Ndipo isathere pakati. Njira yothera pa raundabauti, pamene pali ngozi yeniyeni, ni yachabe.

Inu amene mumapita kukaoda ku Kariakoo munaona ku Dar es Salaam, mu Morogoro Road. Pomanga njira ya mabasi aatali aja amene anayamba kuyenda mu 2016, anasiyako malo a njinga na a oyenda pansi. Ku Chipata kwathu kuno njinga ndiye taxi. Si zachizungu izi.

Manje ndidziwa zimene ena muganiza: "Akayamba kukonza mseu, oyamba kupitikitsidwa ni ife." Mantha amenewo ni oona, tonse tikumbukira Januwale wa 2018 nthawi ya kolera. Ndiye chifukwa chake tikuti pulani isajambulidwe mu ofesi chabe. Makomiti a misika akhale pa tebulo, malo ogulitsira na oimika njinga alembedwe pa pulani imodzimodziyo, ntchito ikalibe kuyamba. Wa njinga ndiye kasitomala amene amaima mosavuta. Wa motoka amapitirira kukagula ku mall.

Ndalama ya CDF idapita pa K25.7 million mu 2022. Pa miting'i ya Ward Development Committee mupiteko, mufunse a kansela kuti pa mseu wobwera ku msika wanu, njinga iyenda pati. Akayankha, muwapemphe alembe mu ma minutes.