Abusa a ku Gerari

 Amene muli ndi Baibulo pafupi, tsegulani Genesis 26.

Palibe waiwala chaka cha 2024. Mvula inadula chimanga chili pafupi kumasula, dzuwa n'kuwamba minda kwa masabata ochuluka. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. Anthu a m'tauni analira magetsi madzi atatsika ku Kariba, koma ife kumudzi tinalira pa mjigo. Amayi ankadzuka tambala woyamba kukaika zidebe pamzere, anyamata n'kufika pomwepo ndi ng'ombe zaludzu, mawu n'kuyamba kukwerana. Akatswiri akuti dziko likutentha ndipo zaka zoterezi zizibwera pafupipafupi. Ndi kale pamene alimi a kuchigawo cha Kum'mwera anayamba kusamukira kumpoto kutsata mvula.

Isake nayenso anafika ku Gerari chifukwa cha njala. Anali mlendo m'dziko la Afilisti. Atalemera, eni dziko anamuchitira nsanje, nakwirira ndi dothi zitsime zimene anakumba antchito a bambo ake Abrahamu. Taganizani, kukwirira madzi m'dziko louma! Isake anasamukira kuchigwa, anyamata ake nakumba chitsime. Abusa a ziweto a ku Gerari anati madziwo ndi awo, iye n'kuchitcha Eseke, kutanthauza mkangano. Chachiwiri anachilimbirananso, nachitcha Sitina, ndiwo udani. Pa chachitatu panalibe wolimbana naye, ndipo anachitcha Rehoboti, malo otakasuka.

Tikamawerenga nkhaniyi timakonda kudziyesa Isake, munthu woleza mtima wolandidwa zake. Ine ndikuona kuti nthawi zambiri ndife abusa a ku Gerari. Banja lafika ndi ngolo ndi ng'ombe zowonda, anyakwawa alipatsa malo kumalire a mudzi, ife tayamba kale kunong'onezana kuti litimalizira madzi. Mantha amenewo si abodza, madzi ndi ochepadi, ndipo mayi amene wagona pa mjigo ali ndi chifukwa chodandaulira. Koma mlendoyo sindiye anaimitsa mvula. Dzuwa limene linapsereza munda wanu ndi lomwelo linamuchotsa pa manda a makolo ake, ndipo chaka china osamukawo mwina tidzakhala ife.

Ndiye akulu a mpingo, musadikire kuti wina atemedwe ndi chikwanje. Khalani pansi ndi anyakwawa, komiti ya mjigo ndi alendowo. Gwirizanani nthawi yotunga anthu ndi nthawi yomwetsa ziweto. Wobwera asonkhe nawo ndalama yokonzera mjigo, ndipo atunge wopanda manyazi. Ngati m'dambo mungakumbidwe chitsime china, mukumbe pamodzi.

Pambuyo pake mfumu Abimeleki, yemwe uja anathamangitsa Isake, anamutsatira ku Beereseba kudzapempha pangano la mtendere. Isake sanamubisire kuti anamulakwira. Komabe anawakonzera chakudya, anadya, anamwa, m'mamawa analumbirirana, alendo n'kubwerera kwawo mwamtendere. Tsiku lomwelo anyamata ake anabwera kuchokera kumene ankakumba, kudzamuuza kuti apeza madzi.