Chipulula chathu chikuyambira pagalaundi pomwe pano

Awa ndi mawu omwe mnzathu wa m'komiti ya zamasewero anayankhula pamsonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawaika muno kuti inu amene simunabwere muwerenge tisanavote.

Andiuza kuti ndisatalikitse chifukwa ena akuthamangira kudoko kukachingamira usipa, ndiye ndingolunjika pankhani.

Mu Ogasiti 2024, nditangomaliza mayeso a Fomu 4, ndinapita kukacheza kwa azakhali ku Bangwe. Tsiku lina msuweni wanga anati tiye ku Chiwembe, pa Mpira Stadium pali mpira wa amayi. Ine ndinkaganiza kuti ndi zija za mabonanza. Tikulowa ndinaona mbendera za mayiko osiyanasiyana, makamera, oyimbira achizimayi, atsikana amsinkhu wanga atavala yunifolomu yofanana mpaka masokosi. Unali mpikisano wachipulula wa CAF Women's Champions League, chigawo chathu cha COSAFA, ndipo Malawi ndi amene anachititsa.

Ndifotokoze pang'ono mmene umayendera, chifukwa ambiri timangomva pawailesi kuti "chipulula" osadziwa kuti akupulula ndani. Chikho chimenechi ndi cha makalabu, osati matimu a dziko ngati ma Scorchers ayi. Bungwe la CAF linachiyambitsa mu 2021, ndipo choyamba anatenga Mamelodi Sundowns Ladies a ku South Africa atagonjetsa Hasaacas Ladies a ku Ghana 2-0 ku Egypt. Kundime yomaliza kumafika matimu 8 okha mu Africa monse muno. Malo amodzi amasungira timu yomwe ikuteteza chikho, ena timu ya dziko lomwe likuchititsa. Malo 6 otsalawo amalimbirana m'zigawo 6 za CAF, chigawo chilichonse chimatulutsa timu imodzi basi. Ndiye kuti ife a kumwera kuno, Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Botswana, South Africa ndi ena, tonse timalimbirana khomo limodzi. Ndipo kuti ukagogode pakhomo limenelo, uyenera kuyamba wapambana kwanu.

Ku Blantyre kunabwera matimu 8, m'magulu awiri a matimu anayianayi. Malawi anaimiridwa ndi Ascent Soccer a ku Lilongwe, monga mmene Ntopwa a ku Bangwe anatiimira ku Durban mu 2023. Ascent sanadutse ndime ya m'magulu. Fainolo inali pakati pa University of the Western Cape a ku South Africa ndi Gaborone United a ku Botswana. Anafanana mphamvu 1-1, ndipo pamapenate a ku South Africa anapambana 9-8. Mpaka lero palibe timu ya ku Malawi yomwe inadutsapo chipulula chimenechi. Tisanamizane, ndi momwe zilili.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri ine ndi dzina limodzi lomwe linali m'gulu la Ascent: UD Lichinga. Eee, Lichinga yomweyi. Mukakwera phiri kupita ku Namwera, n'kudutsa pachipata cha Chiponde, mwalowa Mandimba, msewu umenewo ukakusiyani ku Lichinga. Ena muno muli ndi abale kumeneko, Chiyao chake n'chomwechi. Kuchokera ku Lichinga kukafika ku Maputo pamsewu ndi makilomita opitirira 2,000. Koma atsikana a kumeneko ndi amene ananyamula mbendera ya Mozambique chaka chimenecho, osati a kulikulu. Ndiye mawu aja timakonda akuti "ife tili kutali, zinthu zimathera ku Blantyre ndi ku Lilongwe", kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwakhulupirira.

China ndi cha Gaborone United. Taganizani kuluza fainolo ndi penate imodzi, ulendo wonse uja kubwerera chimanjamanja. Ena akanangoti basi zatikanika. Iwo anabwereranso mu 2025, n'kupambana chipulula cha COSAFA, n'kukasewera ku Egypt pakati pa matimu 8 aja. Timu sinabalalike, ndiye nkhani yake.

Nanga Ascent, poti anatuluka msanga, anapita pachabe? Ayi ndithu. Rose Kabzere, amene anakulira ku Ascent, anapita ku Montpellier ku France. Faith Chinzimu anapita ku BK Häcken ku Sweden. Ndipo mu Okotobala 2025, pomwe ma Scorchers anagonjetsa Angola 2-0 pa Bingu National Stadium n'kudzipezera malo koyamba m'chikho cha mayiko cha amayi mu Africa, zigoli zonse ziwiri anamwetsa Faith yemweyo. Ambiri muno tinavina tsiku limenelo. Koma mwana ameneyo sanagwe kumwamba. Panali kalabu yomwe inamupatsa mpira, bwalo, mphunzitsi ndi nthawi, ali wamng'ono. Tabitha ndi Temwa Chawinga nawonso anayambira kumudzi ku Rumphi.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Kalabu yathu ili ndi mipira iwiri, yonse imagona kwa anyamata. Galaundi timagawana ndi sukulu, ndipo likangomasuka madzulo anyamata amakhala alowa kale mpaka mdima. Ife atsikana tikabwera amati dikirani timalize. Tidikire mpaka liti, poti dzuwa likamalowa amayi akufuna madzi kumjigo, nsomba zili pathandala zikufunika kuanula, nsima sinaphikidwe? Chaka chatha tinayamba tilipo 17. Lero tikaitanizana timakwana 9, osafika ngakhale timu imodzi. Awiri anakwatiwa. Mmodzi anali goloboyi wathu, mtsikana wosaopa mpira ngakhale umenyedwe ndi mnyamata. Pano ndikakumana naye kumsika ali ndi mwana kumbuyo amandifunsa kuti, "Mukumenyabe?" Ndimasowa chomuyankha.

Sindikunyoza achimwene athu ayi. Ena mwa inu ndi amene munatiphunzitsa kuponda mpira pamchenga kunyanja, ndipo tikuthokoza. Komanso makolo akamakana sikuti ndi nkhanza. Amaopa mwana wamkazi kubwera usiku, amaopa maulendo opanda munthu wamkulu, ena amadandaula za kavalidwe, ena anamva zoti mpira umaumitsa thupi mpaka mtsikana osadzabereka. Zomalizazi n'zabodza, alipo osewera ambiri amene ali ndi ana ndipo anabwereranso m'bwalo. Koma mantha enawo ndi omveka, ndipo sangathe ndi kukangana. Atha ndi dongosolo looneka ndi maso.

Ndiye Loweruka likubwerali, pomwe tikuvota za ndondomeko ya chaka chamawa, ndikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, Lachiwiri ndi Lachinayi, kuyambira 3 koloko mpaka 5 koloko masana, galaundi likhale la atsikana. Zilembedwe m'buku la kalabu, zisakhale zopempha tsiku ndi tsiku. Ngati nthawiyi ikuwombana ndi madrasa kapena kwaya, tikambirane tisinthe, koma masiku awiriwo akhalepo.

Chachiwiri, mpira umodzi mwa iwiri ija usungidwe ndi atsikana.

Chachitatu, tipeze mayi mmodzi wolemekezeka m'mudzi muno woti azikhala nafe pokonzekera ndi pamaulendo. Ameneyo, pamodzi ndi a komiti, ayende khomo ndi khomo kukapempha chilolezo kwa makolo. Amene akufuna kusewera atavala hijabu ndi zofika m'mapazi, asewere choncho, malamulo a mpira amalola.

Chachinayi, a sekilitale atsegule kaundula: dzina, tsiku lobadwa, kalasi, chiphaso kapena kalata yakubadwa. Kenako tipite kwa oyendetsa mpira paboma tikafunse mmene timu ya atsikana imalembetsera m'mipikisano yovomerezeka. Timu yosalembetsa, ngakhale itamachinya zigoli 10 Lamulungu lililonse, palibe amene angaiwerengere. Makwerero onse opita ku COSAFA amayambira papepala limenelo.

Sindikulonjeza kuti tikasewera ndi Sundowns. Mwina ine msinkhu wanga sudzafikako n'komwe. Koma kuseri kwa golo kuja kumakhala tiatsikana ta Sitandade 4 ndi 5, timatola mpira ukatuluka, n'kuuponda kamodzi tisanaubweze. Mwawaonapo eti? Amenewo ali ndi zaka 10 patsogolo pawo. Akapeza timu ilipo, yolembetsa, yokhala ndi masiku ake, ulendo wawo wayamba. Akapeza zomwe tinapeza ifezi, adzathera momwe anathera goloboyi wathu.

Achimwene, inu ndi amene muli ochuluka m'kalabu muno, ndiye voti ili m'manja mwanu. Achemwali, nanunso musakhale kunyumba n'kumadzadandaula pambuyo. Bwerani Loweruka 2 koloko, aliyense atenge mnzake mmodzi amene anasiya. Lachiwiri lotsatira ine ndidzakhala pagalaundi 3 koloko, ndi mpira kapena opanda mpira.