Gogomole wa ku Dzalanyama

Mafumu, aphunzitsi, amai ndi abambo, lero ndikamba za gogomole, mbalame imene nonse mumaimva ikugogoda mitengo m'mawa.

Agogomole alipo a mitundu yambiri, koma pali mtundu umodzi wosowa kwambiri. Azungu amautcha Stierling's Woodpecker, ndipo unalembedwa m'mabuku koyamba m'chaka cha 1901. Pa dziko lonse lapansi umapezeka m'maiko atatu okha: kuno ku Malawi, kum'mwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Kwathu kuno malo ake odziwika ndi nkhalango ya Dzalanyama, ndipo alendo amachoka kutali kudzamuona kumeneko.

Ndi kambalame kakang'ono, kutalika kwake ngati masentimita 17. Msana wake ngwoderako, wopanda mawanga kapena mizere, ndipo apa ndi pamene asiyana ndi anzake. Wamwamuna ali ndi nthenga zofiira pamutu, wamkazi alibe.

Taonani m'mene thupi lake liyenerana ndi ntchito yake. Zala ziwiri ziloza kutsogolo, ziwiri kumbuyo, kuti agwire khungwa zolimba. Nthenga za kumchira nzouma, ndipo amatsamira pa izo monga munthu pa mpando. Mlomo uli ngati chisemero. Akaboola, amatulutsa lilime lake lalitali nakoka mphutsi zobisala m'kati.

Ena amati gogomole amapha mitengo. Iai, si choncho. Mphutsi ndizo zimadya mtengo, ndipo iye amagogoda pamene mphutsi zalowa kale.

Tsono mau amene ndifuna muwasunge ndi awa: gogomole samanga chisa cha udzu. Amasema phanga mu mtengo wouma kapena m'nthambi yakufa, naikiramo mazira oyera. Akachokamo, mbalame zina zosatha kusema zimalowamo. Chotero mtengo wouma umene ife tiuyesa nkhuni chabe ndiyo nyumba yake.

Masiku ano mitengo ya mombo ikutha ku Dzalanyama chifukwa cha makala ndi nkhuni. Mbalameyi sikhala m'minda ya bulugamu. Mombo ukatha iribe kothawira. Kumbukiraninso kuti mtsinje wa Lilongwe uchokera m'nkhalango yomweyo, ndipo mitengo imene isunga gogomole ndiyo isunganso madzi.

Mafumu, letsani kuotcha makala m'nkhalango yotetezedwa. Amai, potola nkhuni siyani mtengo umene uli ndi phanga. Aphunzitsi, auzeni anyamata kuti legeni asalozetse kwa gogomole, koma aime phee, amuyang'ane msana ndi mutu, nabwere kudzanena m'kalasi mtundu umene auona.