AGOGO AMENE ANASUNGA CHIKHULUPIRIRO M'NYUMBA



Mabuku a mishoni anasunga bwino maina a ansembe. Amanena kuti m'chaka cha 1926 Bambo Pietro Calandri wa chipani cha Consolata anafika ku Mandimba pamodzi ndi mnzake, ndi kuti mu 1928 anatsegula mishoni ya Massangulo. Koma alipo munthu wina amene mabukuwo samutchula, ngakhale kuti popanda iye chikondwerero cha zaka 100 chikadapeza tchalitchi chopanda anthu. Munthuyo ndi mayi wa kumudzi, amene pambuyo pake anadzakhala gogo. Banja lililonse limawadziwa agogowa ndi dzina lakelake, koma mbiri yawo ndi imodzi.

Anabadwa pa nthawi imene Akristu anali owerengeka pakati pa abale awo Achiyao a chipembedzo cha Chisilamu. Anaphunzira katekisimu kwa asisteri, nalandira ubatizo, koma sanaleke kupita kumaliro a anansi awo Achisilamu, kapena kutunga nawo madzi pachitsime chimodzi. Atakwatiwa anaona amuna awo akunyamuka kukafuna ndalama ya msonkho kuminda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, kapena kumigodi ya ku Joni. Iwo anatsala ndi khasu, mwana kumsana, ndi munda wa thonje umene boma la Apwitikizi linkakakamiza anthu kulima. Dzuwa likalowa, nsima itadyedwa, ankasonkhanitsa ana pamphasa, nagwira dzanja la wamng'ono kuti amuphunzitse chizindikiro cha mtanda. Ankadziwa kuti mmera mpoyamba.

Mu 1963 Papa anakhazikitsa dayosizi ya Vila Cabral, imene lero ndi Lichinga. Chaka chotsatira nkhondo yomenyera ufulu inayamba, ndipo anthu ambiri a m'Niassa anasamutsidwa m'midzi yawo. Ufulu unabwera pa 25 June 1975, koma patangopita mwezi umodzi boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni. Amishonale ambiri anachoka, ndipo otsalawo sankayenda momasuka. Mu 1977 Eklezia wa m'Mozambique anasonkhana ku Beira, natsimikiza kuti moyo wake udzakhala m'timagulu ta Akristu totsogozedwa ndi anthu wamba. Zimene akuluakulu anagwirizana ku Beira, agogowa anali atazichita kale m'nyumba mwawo. Kumene Misa inasowa miyezi yambiri, kolona sinasowe.

Kenaka inadza nkhondo yapachiweniweni. Msewu wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga unasanduka njira ya mantha. Agogowa anagona m'thengo ndi adzukulu, akutseka pakamwa pa khanda kuti lisamveke. Mwana akadwala mwakayakaya, wansembe palibe, katekisiti palibe, iwo ankatenga madzi m'chikho namubatiza m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, monga Eklezia amalolera pa ngozi ya imfa. Ena anawoloka malire pa Chiponde kulowa m'boma la Mangochi, m'dziko la Malawi limene linalandira othawa nkhondo okwana pafupifupi miliyoni imodzi. Pamutu anasenza mphika ndi kamtolo ka zovala. Pamfundo ya chitenje anamangapo kolona ndi kapepala ka ubatizo.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, anabwerera napeza minda itasanduka tchire ndi nyumba zitagwa. Anayambiranso. Koma asanapume, mliri wa Edzi unawalanda ana awo aakulu, amene ankayembekeza kuti adzawasunga paukalamba. Motero amayi amene anali atamaliza kulera anayambanso kulera, msana utawerama kale. Anagulitsa nkhuku kuti mdzukulu apeze kope la kusukulu, nadya mkute kuti ana adye nsima yotentha. Mwana wamasiye wa mnansi akafika pakhomo sankafunsidwa za mtundu kapena chipembedzo chake, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Eklezia amadziwa mtengo wa amayi otere. Paulo Woyera, polembera Timoteo, anakumbukira kuti chikhulupiriro chake chinayamba mwa agogo ake Loisi ndi mwa amayi ake Yunisi. Monika Woyera anapempherera mwana wake Augustino zaka zambiri mpaka anamuona akubatizidwa mu 387, chaka chomwecho chimene iye anamwalira. Ndipo mu 2021 Papa Fransisko anaika tsiku lokumbukira agogo ndi okalamba m'mwezi wa July, pafupi ndi chikondwerero cha Yoakimu ndi Anna Oyera, agogo ake a Ambuye Yezu.

Agogo ambiri a m'badwo umenewo agona kale kumanda, ena m'dziko lachilendo, pamalo opanda mtanda. Koma ena akadali moyo, ndipo alipo amene akukhala okha m'kanyumba kodontha, alipo amene adzukulu omwe anawalera akuwatchula afiti chifukwa cha imvi zawo. Parishi imene ikuimba nyimbo za zaka 100 ili ndi ngongole kwa iwo. Ngongoleyo idzabwezedwa pamene mphakati uliwonse udzafolera denga la nkhalamba mvula isanagwe, pamene odwala adzawatengera Ukaristia kunyumba, ndi pamene makolo a lero adzagwira dzanja la mwana wawo madzulo monga analigwirira agogo aja.

Maria Woyera, Mayi Wotonthoza, amene mishoni ya Massangulo inaperekedwa m'manja mwake, awapempherere amayi ndi agogo onse amene anatsogola. Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ause mu mtendere. Amen.